Kodi anaika malire a chuku mu mtedza wathu ndani?

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi mlembi wa kopaletivi ya alimi a mtedza m'boma la Mchinji. Wogula wawo wa ku Germany wawauza kuti sadzatenga mtedza umene chuku chake chapitirira mlingo wololedwa ndi lamulo la EU, bungwe la mayiko a ku Ulaya, ndipo mayiwa akufuna kudziwa kuti amapanga lamulolo ndani, komanso ngati kungathandize kukadandaula kwa kazembe wa Germany ku Lilongwe. Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo ndachedwa kuyankha chifukwa yandikumbutsa masiku amene sindikonda kuwakumbukira.

Ine ndinakulira pa mtedza. Bambo anga ankalima Chalimbana ku Kasungu, ndipo fizi yanga ya ku sekondale inkachokera m'matumba amene tinkasenda usiku pakhonde, zala zikuwawa, mayi akupeta ndi lichero pambali. Makoko akauma kwambiri tinkawawaza madzi kuti afewe, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti madzi amenewo ndiwo amaitana chuku. Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yaing'ono yotumiza mbewu kunja, ndipo chaka china tinapeza wogula wa ku Ulaya. Chisangalalo chimene chinali pamalopo sindingathe kuchifotokoza. Tinalemba amayi aganyu oposa makumi atatu, ndipo kwa milungu isanu ankakhala pamatebulo aataliatali kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akusankha mtedza umodziumodzi, wofota ndi wosweka ndi wakuda kuuponya m'ndowa zimene zinali pamiyendo pawo. Ndikukumbukirabe mayi wina wachikulire amene ankavala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, ndipo ankaunyamula mtedza mpaka pafupi ndi mphuno asanaganize koti auponye. Kontena inanyamuka kudzera ku Beira, ndipo patapita miyezi iwiri uthenga unafika wakuti yaimitsidwa padoko la Rotterdam ku Netherlands chifukwa zoyesa za ku labotale zaonetsa poizoni wa chuku wopitirira malire.

Abwana anga anaimba foni kwa wogulayo ine ndili pomwepo. Anamupempha kuti achotseko mtengo koma katunduyo amutenge, anamukumbutsa za umphawi wa alimi athu, ndipo pomaliza anafunsa funso lomwelo mwafunsa inuli, lakuti tikadandaule kwa yani. Wogulayo anayankha mofatsa kuti iyeyo alibe mphamvu pankhaniyo, ndipo ine ndinaganiza kuti akunama, kuti wapeza mtedza wotchipa kwina. Amene anatumidwa kukauza amayi aja kuti ganyu watha ndinali ine. Zinanditengera zaka zambiri, ndikuwerenga pang'onopang'ono m'maofesi momwe ndagwiramo ntchito, kuti ndizindikire kuti munthu uja ankanena zoona.

Bungwe la EU lili ndi mayiko 27, ndipo chimene chimalisiyanitsa ndi mabungwe ena a mayiko ndi chakuti mayikowo anavomera, kuyambira pa pangano la ku Rome la mu 1957, kupereka mbali ina ya mphamvu zawo zopangira malamulo ku maofesi a onse pamodzi. Anachita zimenezi pofuna msika umodzi, umene lero uli ndi anthu pafupifupi 450 miliyoni. Thumba la mtedza likangololedwa pa Rotterdam likhoza kupita ku Lisbon kapena ku Warsaw popanda wina kuliimitsanso pamalire, choncho sizingatheke kuti Germany ikhale ndi mlingo wake wa chuku, Poland nayonso wake. Mlingo uyenera kukhala umodzi, ndipo ukakhazikitsidwa ngakhale boma la Germany lenilenilo silingausinthe palokha, kaya kazembe wake atakumverani chisoni chotani.

Amene ali ndi mphamvu yoyambitsa lamulo ndi Komishoni, imene imakhala ku Brussels m'dziko la Belgium ndipo ili ndi makomishonala 27, mmodzi kuchokera m'dziko lililonse, motsogozedwa ndi Ursula von der Leyen kuyambira mu 2019. Komishoni ikalemba bilu imaipereka mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi Nyumba ya Malamulo ya EU, ya aphungu 720 osankhidwa ndi anthu, imene imakumana ku Strasbourg ndi ku Brussels. Mbali yachiwiri ndi Khonsolo, momwe mumakhala nduna za maboma a mayikowo malinga ndi nkhani imene ikukambidwa, moti ikakhala ya ulimi zimabwera nduna za ulimi. Pa nkhani zambiri za msika, Khonsolo siidikira kuti onse avomere. Zimakwanira kuti avomere mayiko osachepera 15 mwa 27, bola akhale akuimira magawo 65 pa 100 alionse a anthu a mu EU yonse, ndipo dziko limene lakana limamangidwabe ndi lamulolo. Mbali ziwirizi zikasiyana maganizo, nthumwi zake zimakhala pansi pamodzi ndi Komishoni m'zokambirana za anthu ochepa mpaka zitagwirizana mawu amodzi. Chotulukapo chikakhala cha mtundu umene amautcha regulation chimagwira ntchito m'mayiko onse monga momwe chalembedwera, pamene cha mtundu wa directive chimangoika cholinga ndi tsiku, n'kusiyira dziko lililonse kuti lichilowetse m'malamulo ake.

Koma nambala imene inabweza kontena yathu sinavoteredwe ndi aphungu 720 aja, ndipo apa ndi pamene ndimafuna kuti anthu athu amvetse. Lamulo lalikulu limangonena kuti chakudya chisakhale ndi zoipa zopitirira mlingo woopsa, ndipo limapatsa Komishoni mphamvu yoika milingoyo. Komishoni imafunsa kaye akatswiri a sayansi a bungwe la EFSA, loona ngati chakudya chili chosaopsa, limene lili ku Parma m'dziko la Italy, kenako imatengera nambala imene ikufuna ku komiti ya akatswiri otumidwa ndi maunduna a mayiko onse 27, ndipo iwowa ndiwo amavota. Aphungu ndi nduna amapatsidwa miyezi yochepa yoti akane ngati akufuna, ndipo akakhala chete nambalayo imasanduka lamulo. Malire a chuku anakhazikitsidwa koyamba mu 1998, n'kulembedwanso mu 2001, mu 2006, ndipo posachedwapa m'lamulo la nambala 2023/915. Pa mtedza wopita mwachindunji kukadyedwa, poizoni yense wa chuku asapitirire magawo 4 mwa magawo biliyoni imodzi, ndipo mtundu woopsa kwambiri, wotchedwa B1, usapitirire magawo 2. Pa mtedza umene ukukasankhidwanso kumeneko usanadyedwe, milingoyo ndi 15 ndi 8. Kuti muone kuchepa kwake, magawo 4 amenewo ndi ofanana ndi magalamu 4 omwazidwa m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Maso a mayi wa magalasi uja, ngakhale akanakhala akuthwa chotani, sakanatha kuona zimenezo.

Anthu a ku Ulaya sanafike pa mantha amenewa popanda chifukwa. Poizoni wa chuku anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo kuyambira pamenepo zatsimikizika kuti amayambitsa khansa ya chiwindi. Kenako kunabuka chipwirikiti cha matenda a misala ya ng'ombe ku Britain mu 1996 ndi poizoni m'chakudya cha nkhuku ku Belgium mu 1999, anthu anasiya kukhulupirira maboma awo pa nkhani ya chakudya, ndipo mu 2002 kunabadwa lamulo lalikulu la chakudya pamodzi ndi EFSA ija. Aliyense amene akufuna kukambirana nawo ayenera kudziwa kuti akulankhula ndi anthu amene anapsapo.

Ngakhale zili choncho, kwa nthawi yaitali ndinali wokwiya, ndipo mkwiyo wina ndikadali nawo. Mu 2001 akatswiri a World Bank anawerengera kuti malire a EU, poyerekeza ndi amene mayiko onse anagwirizana pansi pa Codex, bungwe loika milingo ya chakudya padziko lonse, akanapulumutsa anthu osakwana awiri mwa anthu biliyoni imodzi pachaka, koma akanachepetsa malonda a mbewu ndi mtedza ochokera ku Africa ndi ndalama zokwana madola 670 miliyoni. Ena anadzatsutsa pambuyo pake kuti chiwerengerocho chinakokomezedwa, koma funso limene chinadzutsa silinathe. Amene amasenza mtolo wa lamulo sakhala m'chipinda momwe lamulolo likupangidwira. Mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri savotera phungu wa ku Strasbourg, ndipo m'komiti ya akatswiri ija mulibe mpando wa Malawi. Timauzidwa kuti kuyambira mu 2001, pansi pa ndondomeko ya Everything But Arms, katundu wathu amalowa mu EU popanda msonkho, ndipo ndi zoona, koma msonkho ukachotsedwa pakhomo n'kutsala labotale, mlimi wosauka saona kusiyana.

Chimene chinasintha maganizo anga ndi nkhani ya mu 2010. Chaka chimenecho EU inakweza mlingo wa poizoni yemweyu pa mitundu itatu ya mtedza wa m'mitengo, ya almond, hazelnut ndi pistachio, kuchoka pa 4 kufika pa 10. Inatero chifukwa mu 2007 EFSA inaunika n'kupeza kuti kukwezako sikungasinthe kwenikweni chiopsezo kwa odya, ndipo mu 2008 Codex inagwirizana pa nambala imeneyo. Mayiko amene amalima kwambiri mbewu zimenezi ndi America, Turkey ndi Iran, ndipo amakhalapo pa misonkhano yoteroyo ali ndi akatswiri ndi zotsatira za m'malabotale awo. Mtedza wathu wapansiwu unatsala pa 4, ndipo pamene EFSA inaunikanso nkhaniyi mu 2018 inapeza kuti kuukweza kungaonjezere chiopsezo cha khansa, choncho sunasinthe. Phunziro limene ndinatolapo ndi lakuti nambala za ku Brussels zimasuntha, koma chozisuntha ndi umboni wobwera pa nthawi yake. Misozi ya pafoni, kontena itaima kale padoko, siisuntha kanthu.

Pachichewa timati chakudza sichiimba ng'oma, koma malamulo a EU amaimba ng'oma zaka zingapo asanafike. Komishoni imalengeza chaka ndi chaka zimene ikufuna kulemba. Pa malamulo aakulu imatsegula mpata wa milungu 12 pa tsamba lake la pa intaneti lotchedwa Have Your Say, ndipo aliyense, ngakhale wa kunja kwa Ulaya, akhoza kulembapo maganizo ake. Isanasinthe malire a chakudya imadziwitsa mayiko anzake ku WTO, bungwe la zamalonda la padziko lonse, ku Geneva, kumene Malawi ndi membala, ndipo mayikowo amapatsidwa nthawi yoyankha. Ndikunena mosabisa kuti m'zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya mbewu sindinaonepo mlangizi kapena mkulu wa bungwe la alimi akubwera kudzatiuza kuti kuli lamulo likuphikidwa, tiyeni tiyankhe. Tinkamva zonse kwa wogula, zitapsa kale. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti dziko lodalira ulimi ngati lathu liyenera kukhala ndi anthu, ngakhale atatu okha, amene ntchito yawo tsiku ndi tsiku ndi kuwerenga zimene zikulembedwa ku Brussels ndi ku Geneva n'kuzifikitsa kwa alimi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo ndalama zolipirira anthu amenewo sizingafike pa zimene timataya pa kontena imodzi yobwezedwa.

Onani zimene zachitikira alimi a khofi. Mu Juni 2023 EU inakhazikitsa lamulo loletsa katundu wolimidwa pamalo amene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020, ndipo likukhudza khofi, koko, soya, mafuta a kanjedza, labala, matabwa ndi ng'ombe. Wogula ayenera kusonyeza pa mapu malo enieni a munda uliwonse umene katunduyo wachokera, kutanthauza kuti kamunda ka khofi ka pa phiri ku Misuku kapena ku Phoka kayenera kukhala ndi manambala ake a GPS. Lamuloli linayenera kuyamba kugwira ntchito pa 30 Disembala 2024, koma mayiko monga Brazil ndi Indonesia, pamodzi ndi makampani ndi maboma ena a mu EU momwemo, anadandaula kwambiri kuti sanakonzeke, ndipo kutatsala masiku ochepa Nyumba ya Malamulo ndi Khonsolo zinavomera kusuntha tsikulo ndi chaka chathunthu. Ine cholinga cha lamuloli ndimagwirizana nacho, pakuti ndaona ndi maso anga momwe mapiri a kwathu ayerera, koma apanso amene anamveka ndi amene anafuula pamodzi, ali ndi mapepala m'manja. Popeza kopaletivi yanu mwina imalimanso soya, nkhaniyi musaiyese ya kumpoto kokha.

Amene amaimitsa kontena padoko

Komishoni ili ndi antchito pafupifupi 32,000, ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu 450 miliyoni, ndipo ilibe oyendera katundu ake pamadoko. Amene amatsegula kontena ku Hamburg ndi wogwira ntchito m'boma la Germany, wa ku Rotterdam ndi wa boma la Netherlands, koma onsewo amatsata buku limodzi, limene limafotokoza ngakhale katapidwe ka mtedza wokayesa. Pa katundu wambiri amatapa malo 100 osiyanasiyana mpaka kukwana makilogalamu 20, chifukwa chuku sichifalikira mofanana, ndipo njere zochepa zowola pakona imodzi zikhoza kugwetsa kontena yonse. Akapeza vuto amalemba pa makina ochenjezana otchedwa RASFF, amene anayamba mu 1979, ndipo mayiko ena onse amadziwa mwamsanga, moti simungaitembenuze sitima kuti mukayese doko lina. Dziko likamapezeka ndi vuto kawirikawiri, Komishoni imaliika pa mndandanda wa mayiko amene katundu wawo amayesedwa pafupipafupi, ndipo kulakwa kwa kampani imodzi kumagwera otumiza onse a m'dzikolo. Boma la mu EU likamalekerera, Komishoni ili ndi oyendera ake amene amakhala ku Grange m'dziko la Ireland, ndipo ikhoza kulitengera ku khothi la EU ku Luxembourg, limene lili ndi mphamvu yolamula chindapusa. Ndiye chifukwa chake wogula uja anati alibe mphamvu. Akanatenga mtedza wathu akanaphwanya lamulo la dziko lake lomwe.

Mphamvu ya khothi imeneyi ndiyo imandipatsa maganizo ndikayang'ana mabungwe athu. SADC inali ndi bwalo lake la milandu ku Windhoek, koma litagamula mokomera alimi amene analandidwa minda ku Zimbabwe, atsogoleri analiimitsa mu 2010. Komabe si zoona kuti kuno kulibiretu zofanana ndi za ku Ulaya. Bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda lili mu Lilongwe momwemuno, linayamba ntchito mu 2013, ndipo makampani aakulu ofuna kuphatikizana m'mayiko angapo a m'chigawochi amayenera kukapempha chilolezo kumeneko. Ngati tinatha kugwirizana pa zimenezo, sindikuona chotiletsa kuti Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene amalima mtedza pa dothi lofanana, aziyesa mbewu zawo mofanana ndi kukalankhula ku Brussels ndi mawu amodzi.

Pali chinthu china chimene sindinanene pa nkhani ya kampani ija, ndipo ndicho chimandiwawa koposa. Mtedza wa m'ndowa, umene amayi aja ankachotsa kuti azungu asadye, sunkatayidwa. Tinkaugulitsa pageti motchipa, mavenda ankaugula kukapanga chiponde, ndipo amayi omwewo ankapatsidwako kuti akasinje nsinjiro zothira m'phala la ana. Inenso ndinatengapo ndowa ziwiri kupita nazo kunyumba, mwana wanga woyamba ali ndi zaka zitatu. Poizoni yense amene tinamusankha mosamala kwa milungu isanu tinamuunjika pamodzi n'kudyetsa ana athu. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya chimanga cha chuku, ndipo kumene sakufa nthawi yomweyo chiwindi chimaonongeka mwakachetechete. Kuyambira tsiku limene ndinazindikira zimenezi sindinathenso kunena kuti vuto lathu ndi kukhwima kwa lamulo la ku Ulaya kokha. Boma limene limayesa mtedza wopita kunja koma osayesa chiponde cha pamsika likunena, ngakhale silikutchula, kuti chiwindi cha mwana wa ku Hamburg ndi chofunika kuposa cha mwana wa ku Mchinji, ndipo ine zimenezo ndikuzikana.

Tsono Mayi, kwa kazembe wa Germany musapiteko ndi dandaulo la malire, chifukwa sali m'manja mwake. Ofesi ya EU ku Lilongwe ndiyo ingamve, ndipo ingamve bwino mukadzera m'bungwe lalikulu la alimi ndi ku unduna wa zamalonda, mutanyamula zotsatira zoyesa za zaka zingapo. Funsani wogula wanu ngati angalembe mtedzawo kuti ukukasankhidwanso kumeneko, pakuti pamenepo mlingo ndi 15 osati 4, ndipo mgwirizane pa pepala za labotale imene onse awiri mukuikhulupirira kontena isananyamuke, poyambira kufunsa ku Malawi Bureau of Standards. Kwa alimi anu, akumbe pa nthawi yake, aumitse mtedza pa milu yoimika makoko osakhudza dothi, ausunge m'makoko pamalo ouma, ndipo asawaze madzi posenda. Ndowa za mtedza wosankhidwa zisatuluke pageti kupita kumsika kapena kunyumba za amayi osankhawo, ngakhale komiti itadandaula kuti mukutaya ndalama, ndipo mukakhala pa msonkhano wotsatira muwawerengere ndime ya mwana wanga ija.